Laputopu Yatsopano Ikayamba Kuvuta

Munthu amene wagula laputopu yatsopano kawirikawiri amakhala atasunga ndalama kwa miyezi yambiri, mwinanso atachita kukongola. Ena amakhala ophunzira ofuna chida chojambulira mapulani a nyumba, ena ndi okonza zithunzi ndi mavidiyo a maukwati, ndipo ena amangofuna polembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama za bizinesi yawo. Onsewa amafika kunyumba ali ndi chimwemwe, natsegula bokosi mosamala ngati kuti muli mazira. Koma pasanathe masiku awiri chimwemwe chija chingathe kusanduka nkhawa. Zilembo zikuoneka zazing'ono ngati nyerere, kapena zachimbuuzi. Kuwala kwa sikirini kukusinthasintha kokha, wina osagwira batani lililonse. Pulogalamu yojambulira, imene idachititsa kuti agule makina odula, ikuyenda motsimphina. Fani ikulira ngati chigayo. Ndipo pakapita kanthawi pakutuluka uthenga wouza mwini wake kuti alipire ndalama ngati safuna kugwidwa ndi mavairasi.

Zikafika pamenepa, ambiri amaganiza chimodzi mwa zinthu ziwiri: kuti agulitsidwa katundu wowonongeka, kapena kuti makinawo apite kwa mmisiri akafufute zonse ndi kuikamo Windows ina. Nthawi zambiri maganizo onse awiriwa amakhala olakwika, ndipo achiwiriwo angathe kubweretsa mavuto amene poyamba panalibe. Laputopu yatsopano imabwera itasankhiridwa kale zinthu zambiri ndi amene adaipanga. Zina adazisankha kuti batire lizikhalitsa, zina adazisankha kuti iwo apezepo phindu. Ntchito ya mwini wake ndiyo kuzindikira zosankhazo, kuzisintha chimodzichimodzi, ndi kusiyanitsa vuto la kasankhidwe ndi kuwonongeka kwenikweni kwa makina, nthawi yobwezera katundu kusitolo isanathe. Zonse zimene zikunenedwa pano zikukhudza malaputopu a Windows.

Ojambula awiri m'nyumba imodzi

Chilichonse chooneka pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono ta kuwala. Sikirini za malaputopu ambiri a masiku ano zili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo tonse pamodzi timakwana 2,073,600. Kadontho kalikonse kayenera kupatsidwa mtundu wake, ndipo chithunzi chonse chimajambulidwa mwatsopano ka 60 pa sekondi imodzi, penanso kuposa apo. Ntchito yaikuluyi imagwiridwa ndi kachipangizo kotchedwa GPU, kamene ndi kosiyana ndi CPU, ubongo woyendetsa ntchito zina zonse za kompyuta.

Malaputopu ambiri a mtengo wotsikirapo ali ndi GPU imodzi yokha, yomangidwira pamodzi ndi CPU. GPU yotereyi imadya magetsi ochepa ndipo sitentha kwambiri, koma ilibe nkhokwe yakeyake. Imabwereka malo ku RAM ya kompyuta yonse. N'chifukwa chake munthu wogula laputopu ya RAM ya 8 GB amadabwa Windows ikamuuza kuti imene angagwiritse ntchito ndi yocheperapo pang'ono. Sadaberedwe ayi. Gawo linalo lapatulidwira zojambula ndi zipangizo zina za m'katimo.

Malaputopu odula, opangidwira masewera, mavidiyo ndi mapulani, ali ndi GPU yachiwiri yoima payokha, kawirikawiri ya NVIDIA kapena ya AMD, yokhala ndi nkhokwe yake. Ziwirizi zili ngati njinga yakapalasa ndi lole zokhala pakhomo limodzi. Wokagula mchere pagolosale saliza lole, ndipo wokatuta matumba a chimanga kumunda sangadalire njinga. Mu Febuluwale 2010 kampani ya NVIDIA idatulutsa njira yotchedwa Optimus, imene imalola kompyuta kusankha yokha. GPU yaikulu imakhala ili m'tulo, osadya magetsi. Pakatsegulidwa pulogalamu yolemera imadzuka, nijambula zithunzi, nizipereka kwa GPU yaing'ono ija kuti izifikitse pa sikirini. Kampani ya AMD nayo ili ndi njira yake yofanana ndi imeneyi.

Vuto limabwera pamene wosankhayo walakwitsa. Kompyuta imazindikira mapulogalamu olemera poyang'ana mndandanda wa amene ikuwadziwa kale. Pulogalamu yosadziwika, kapena yatsopano kwambiri, ingathe kupatsidwa kwa GPU yaing'ono. Pamenepo matumba onse asenzetsedwa njinga, lole ili chigonere pakhomo, ndipo mwini wake akudandaula kuti adataya ndalama pachabe.

Kuona kaye, kukhudza pambuyo

Chida choyamba chofufuzira chili kale mu Windows, ndipo dzina lake ndi Task Manager. Chimatseguka munthu akasindikiza mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Kuyambira chakumapeto kwa 2017, Task Manager imaonetsanso ntchito ya GPU. Pa gawo la Performance pamakhala GPU 0, ndipo ngati ma GPU ali awiri pamakhalanso GPU 1, iliyonse ndi dzina lake. Mwini laputopu atsegule pulogalamu yovutayo, aigwiritse ntchito pang'ono, kenaka ayang'ane. Ngati GPU yaing'ono yadzaza pafupifupi 100 peresenti pamene ya NVIDIA kapena ya AMD ili pa 0, gwero la vuto lapezeka.

Kukonza kwake n'kwachidule. Mu Settings munthu apite pa System, kenaka pa Display, kenaka pa Graphics. Malo amenewa adawonjezedwa mu Windows 10 mu Epulo 2018, ndipo aliponso mu Windows 11, imene idatuluka mu Okutobala 2021. Pamenepo amasankha pulogalamuyo, napatsidwa njira zitatu: kulola Windows kuti isankhe yokha, Power saving imene ndi njinga ija, kapena High performance imene ndi lole. Akasankha, pulogalamuyo iyenera kutsekedwa ndi kutsegulidwanso kuti kusinthako kugwire. Pa Windows ya masiku ano, chimene chasankhidwa pamalo amenewa chimaposa mphamvu chimene chasankhidwa mu NVIDIA Control Panel. Ambiri amataya maola akusintha zinthu mu pulogalamu ya NVIDIA, osadziwa kuti mawu omaliza ali kwina.

Ena akazindikira zimenezi amaika mapulogalamu onse pa High performance, ngakhale yolembera makalata. Zotsatira zake batire limatha msanga ndipo makina amangokhala otentha. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amathimathima, ola limodzi la batire lotayika chotere lingathe kukhala lomwe akadamalizira ntchito yake.

Ngati GPU yaikulu sikuoneka n'komwe mu Task Manager, asafulumire kukalalatira wogulitsa. Malaputopu ena a masewera ali ndi pulogalamu ya kampani yowapanga yokhala ndi njira yosungira batire, imene imazimitsiratu GPU yaikulu mpaka Windows osaionanso. Njirayo ikachotsedwa, GPU imabwerera. Koma ikapanda kuonekabe, pamene risiti likunena kuti ilimo, imeneyo ndi nkhani yokakamba kusitolo.

Magetsi ndi kutentha nazo zili ndi mbali yake. Batire silingathe kupereka mphamvu yofanana ndi ya tchaja, choncho laputopu ikachotsedwa kumagetsi imachepetsa dala liwiro la GPU. Tchaja nayo iyenera kukhala yoyenera makinawo. Laputopu imene idabwera ndi tchaja ya mawati 180 kapena 230 singayende pa mphamvu yake yonse ndi tchaja ya mawati 65, ngakhale italowa pabowo ndi kuonetsa kuti ikutchaja. Ndiponso laputopu yoikidwa pabedi kapena pabulangete imatsekeka mabowo opumira, ndipo ikatentha imadzichepetsa liwiro pofuna kudziteteza. Kuiika pathebulo kokha kumathetsa madandaulo ambiri.

Zilembo, kuwala ndi mitundu

Zilembo zikachepa kwambiri, anthu ambiri amatsitsa chiwerengero cha timadontho pa Display resolution. Zilembozo zimakuladi, koma zonse zimayamba kuoneka zachimbuuzi, chifukwa timadontho ta sikirini sitisintha; kompyuta imangotambasula chithunzi chaching'ono kuti chidzaze malo aakulu. Choyenera ndicho kusiya chiwerengerocho pamene Windows yalemba kuti Recommended, ndi kusintha Scale kufika pa 125 kapena 150 peresenti. Zikatero zilembo zimakula koma zimakhalabe zooneka bwino. Ngati pulogalamu imodzi yokha yakale ikuonekabe yachimbuuzi pamene zina zonse zili bwino, cholakwa chili ndi pulogalamuyo, imene idalembedwa sikirini zamakono zisanabwere.

Amene adalipira ndalama zambiri chifukwa cha sikirini yojambula ka 120 kapena ka 144 pa sekondi ayenera kuyang'ana pa Advanced display. Nthawi zina imapezeka itaikidwa pa 60, ndipo malaputopu ena amaitsitsa okha akachotsedwa kumagetsi.

Kuwala kosinthasintha kokha kuli ndi magwero atatu. Loyamba ndi kadiso kamene malaputopu ena ali nako, koyeza kuwala kwa m'chipinda. Lachiwiri ndi njira yosungira batire imene imachepetsa kuwala molingana ndi chithunzi chimene chili pa sikirini. Ya Intel imatchedwa Display Power Saving Technology, ya AMD imatchedwa Vari-Bright, ndipo Windows 11 ili ndi posinthira pake pansi pa Brightness. Lachitatu ndi njira yosungira mphamvu imene imayamba yokha batire likatsala pang'ono. Zonsezi zingathe kuzimitsidwa. Sikirini ikamaoneka yachikasu madzulo, kawirikawiri ndi Night light, imene imachepetsa kuwala kwa buluu. Kwa wolemba makalata zimenezi n'zazing'ono, koma kwa wokonza zithunzi za ukwati n'zofunika kwambiri, pakuti chithunzi chokonzedwa pa sikirini yosintha mitundu chimakatuluka mwina chikasindikizidwa, ndipo mwini ukwati sadzafuna kumva za Night light.

Womasulira wa pakati

Windows siyankhula mwachindunji ndi GPU. Pakati pawo pali kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kali ngati womasulira pabwalo la milandu. Womasulira akakhala wosadziwa bwino ntchito, mlandu umasokonekera ngakhale woweruza ndi mboni ali anthu anzeru. Laputopu yatsopano imakhala itakhala m'bokosi kwa miyezi, choncho driver wake amakhala wakale. Masiku oyambirira Windows Update imakhala ikukoka ndi kuika zatsopano mwakachetechete. Imeneyi ndiyo nthawi imene fani imalira kwambiri, makina amachedwa, ndipo sikirini ingathe kuda kwa masekondi angapo pamene driver watsopano akulowa. Kuweruza laputopu pa tsiku loyamba n'kulakwa. Iyenera kulumikizidwa kumagetsi ndi ku intaneti, kumalizitsa zonse, ndi kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso kangapo. Popeza zokokazo zingathe kukwana magigabayiti angapo, wogwiritsa ntchito bandulo ya pafoni achite bwino kupeza Wi-Fi pa ntchito yoyambayi, ndipo pambuyo pake aike chizindikiro cha Metered connection kuti Windows izichepetsa zokoka.

Ngati vuto likupitirira, malo oyang'ana ndi Device Manager, pa mzere wa Display adapters. Pakalembedwa kuti Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti driver weniweni palibe, ndipo Windows ikugwiritsa ntchito wongogwirizira. Zizindikiro zake n'zakuti kuwala kumakana kusintha ndipo mavidiyo amayenda modukiza. Driver woyenera ayambe wafunidwa ku Windows Update, kenaka pa tsamba la intaneti la kampani yopanga laputopuyo, polemba nambala ya mtundu wake, ndipo pomaliza kwa Intel, AMD kapena NVIDIA. Mapulogalamu otsatsidwa pa intaneti olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi ayenera kupewedwa.

Chatsopano sichikhala chabwino nthawi zonse. Ngati vuto lidayamba driver watsopano atangolowa, mu Device Manager momwemo muli batani la Roll Back Driver, lobwezeretsa wakale. Ndipo sikirini ikangoda kapena kuuma mwadzidzidzi, kusindikiza pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsanso driver popanda kuzimitsa makina. Pamamveka kaphokoso kamodzi, sikirini niphethira.

Pa vuto la sikirini yophethiraphethira, kampani ya Microsoft imapereka njira yapafupi yoyesera. Munthu atsegule Task Manager nayang'anitsitse. Ngati Task Manager ikuphethira pamodzi ndi zina zonse, wokayikiridwa ndi driver. Koma ngati yakhazikika pamene zina zikuphethira, wokayikiridwa ndi pulogalamu ina yosagwirizana ndi Windows. Ndipo pa laputopu imene mwini wake sanaikemo kanthu, pulogalamu yoteroyo ingakhale imodzi mwa amene adabwera ndi makinawo.

Alendo opezeka kale m'nyumba

Laputopu yatsopano sibwera ndi Windows yokha. Mumakhala pulogalamu yolimbana ndi mavairasi yongoyesera, kawirikawiri ya masiku 30, timasewera, mapulogalamu otsatsa malonda, ndi ena a kampani yopanga makinawo. Ambiri mwa amenewa amalowamo chifukwa eni ake amalipira kampani yopanga laputopu, poyembekezera kuti wogula adzalembetsa. Mu Malichi 2008 kampani ya Sony idayamba kuuza ogula malaputopu ake ena ku United States kuti awonjezere madola pafupifupi 50 ngati akufuna makina opanda mapulogalamu oterewa. Anthu atadandaula kwambiri, Sony idachotsa mtengowo pasanathe masiku. Komabe nkhaniyo idaonetsa poyera kuti alendowa ali ndi mtengo wake.

Kuipa kwawo kwa tsiku ndi tsiku n'kwakuti ambiri amadzuka okha makina akayatsidwa, nadya RAM, batire ndi bandulo. Koma nthawi zina kuipa kwake kudafika patali. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, kampani ya Lenovo idagulitsa malaputopu ochuluka okhala ndi pulogalamu ya kampani ya Superfish, imene inkalowetsa zotsatsa malonda m'masamba a intaneti. Kuti ithe kuona ngakhale masamba otetezedwa, monga a banki, pulogalamuyo inkaima pakati pa munthu ndi tsambalo, ngati wonyamula makalata amene amatsegula envelopu, nawerenga, naimatanso ndi chidindo chakechake. Choopsa chidali chakuti chidindo chimenecho chidali chimodzimodzi pa makina onsewo. Mu Febuluwale 2015 katswiri wa chitetezo cha makompyuta, Robert Graham, adapeza mawu achinsinsi otsegulira chidindocho naonetsa kuti sichidali chovuta. Kuyambira pamenepo, wakuba wokhala pa Wi-Fi imodzi ndi mwini laputopu yotere akadatha kunamizira tsamba la banki, kompyuta osachenjeza. Lenovo idatulutsa chida chochotsera pulogalamuyo, ndipo mu Seputembala 2017 idagwirizana ndi bungwe la Federal Trade Commission ndi maboma a zigawo 32 za United States, nilipira zigawozo madola 3.5 miliyoni.

Lenovo sidali yokha. Mu Novembala 2015 vuto lofanana lidapezeka pa makompyuta ena a Dell, ndipo mu Meyi 2016 kampani ya Duo Security idalengeza kuti idapeza ziboo za chitetezo m'mapulogalamu okokera zatsopano a Acer, Asus, Dell, HP ndi Lenovo. Nkhanizi ndi zakale, ndipo sizitanthauza kuti makina a makampaniwa ndi oopsa lero. Phunziro lake ndi lija la akuluakulu lakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pulogalamu iliyonse yosafunika ndi khomo linanso loyenera kulondera.

Kupeta mosamala

Ngakhale zili choncho, kuchotsa zonse mwachisawawa n'kulakwanso. Asanayambe, munthu alembe mawu akuti Create a restore point pamalo ofufuzira a Windows, nasunge chithunzi cha mmene makina alili, kuti akalakwitsa athe kubwerera. Kenaka atsegule Settings, pa Apps, pamene pali mndandanda wa mapulogalamu onse, nawagawe m'milu itatu monga amachitira mayi wopeta mpunga.

Mulu woyamba ndi mankhusu: timasewera tosafunika, mapulogalamu otsatsa malonda, ndi ongoyesera amene mwini wake safuna kulipira. Pa nkhani ya mavairasi, kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, Windows ili ndi mlonda wakewake waulere, amene lero amatchedwa Microsoft Defender. Mlondayu amapatuka pakakhala wina, ndipo amabwerera winayo akachotsedwa. Wochotsa pulogalamu yongoyesera ija atsegule Windows Security kuti atsimikize kuti chitetezo chayaka. Kulipira mlonda wina ndi ufulu wa munthu, koma uthenga woopseza usamufulumizitse. Chimodzimodzinso, kuona zizindikiro za Word ndi Excel sikutanthauza kuti zidalipiridwa kale. Nthawi zambiri zimafuna kulembetsa ku Microsoft 365, pokhapokha wogulitsa atalemba pa risiti kuti zili m'mtengo. Amene safuna kulipira angathe kugwiritsa ntchito LibreOffice, imene ndi yaulere.

Mulu wachiwiri ndi mpunga weniweni, wosayenera kukhudzidwa: zonse zokhala ndi dzina la Intel, AMD, NVIDIA kapena Realtek, ndiponso mizere yambirimbiri ya Microsoft Visual C++ Redistributable, imene imaoneka ngati yobwerezabwereza koma mapulogalamu osiyanasiyana amaidalira. M'mulu womwewu mulinso pulogalamu yaikulu ya kampani yopanga laputopuyo, monga Lenovo Vantage kapena MyASUS. Pa makina ambiri mapulogalamu oterewa ndiwo amayendetsa liwiro la fani, kasankhidwe ka GPU, ndi malire otchajira batire pa 60 kapena 80 peresenti, amene amathandiza batire kukhalitsa ngati laputopu imakhala kumagetsi tsiku lonse.

Mulu wachitatu ndi wa okayikitsa. Amenewa asachotsedwe msanga. Mu Task Manager muli gawo la Startup, pamene munthu angaletse pulogalamu kudzuka yokha makina akayatsidwa. Ikakhala yoletsedwa kwa sabata yathunthu popanda chosokonekera, pamenepo ingachotsedwe.

Za kufufuta zonse

Amene akufuna kuyambira pachiyambi ali ndi njira yovomerezeka. Mu Settings, pa Recovery, pali Reset this PC, imene imaikanso Windows mwatsopano, ndipo pa makina ambiri imafunsa ngati mapulogalamu obwera ndi laputopu abwezeretsedwe kapena ayi. Imapereka mwayi wosunga mafayilo, komabe wanzeru amayamba wawakopera pena. Wosankha kukoka Windows pa intaneti adziwe kuti zingathe kudya magigabayiti oposa 4.

Njira imeneyi ndi yosiyana ndi kupereka makina kwa mmisiri kuti aikemo Windows yosadziwika kumene yachokera. Kuyambira nthawi ya Windows 8, chilolezo cha Windows chimalembedwa m'kati mwa makina enieniwo, choncho wogula laputopu yobwera ndi Windows adalipira kale. Kuikamo ina yobedwa n'kutaya cholipira kale, kutaya ma driver oyenera, ndi kutsegulira khomo mavairasi amene kawirikawiri amabisala m'zida zonamizira chilolezo. Kubwerera ku Windows 10 chifukwa chozolowera sikulinso kwanzeru, popeza Microsoft idathetsa chisamaliro chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.

Chinanso chofunika ndi kiyi ya BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amatseka okha zonse zosungidwamo, ndipo kiyi yotsegulira pangozi, ya manambala 48, imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene idagwiritsidwa ntchito poyatsa makina koyamba. Kusintha zinthu mu BIOS kungachititse kuti makina afunse kiyiyo. Ngati amene adayatsa koyamba ndi wogulitsa, pogwiritsa ntchito akaunti yake, ndiye kuti kiyi ili m'manja mwa wina. Mwini laputopu ayenera kuyatsa ndi akaunti yakeyake, ndi kulemba manambalawo papepala losungidwa bwino.

Pamene vuto lili lenileni

Pali mavuto ena amene kusintha kulikonse sikungawathetse, ndipo kuwazindikira msanga n'kopulumutsa ndalama. Mayeso ake ndi atatu. Oyamba ndi kulowa mu BIOS makina akangoyaka, pa malaputopu ambiri posindikiza F2. Pamenepo Windows ndi ma driver ake zimakhala zisanayambe, choncho mizere kapena mawanga akaonekanso pamenepo, vuto lili m'zipangizo. Achiwiri ndi kujambula zooneka pa sikirini ndi batani la Print Screen, ndi kukaona chithunzicho pafoni. Chikaoneka choyera pamene sikirini ya laputopu ili ndi mizere, chodwala ndi sikiriniyo kapena chingwe chake. Achitatu ndi kulumikiza laputopu ku wailesi yakanema ndi chingwe cha HDMI, ndi kusindikiza mabatani a Windows ndi P posankha koonetsera. Mizere imene imasintha chivundikiro chikamatsegulidwa ndi kutsekedwa imaloza ku chingwe cha m'kati chodutsa pa mahinjesi.

Zikatero, mwini wake asatsegule makinawo, ndipo asalole wina kuwatsegula, kuopa kutaya waranti. Ajambule vutolo ndi foni, atenge risiti ndi bokosi, nabwerere kwa wogulitsa nthawi yomweyo, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Nambala ya makina yolembedwa kunsi kwake ikalembedwa pa tsamba la kampani yowapanga, imaonetsa pamene waranti idayambira ndi pamene idzathere. Zimenezi n'zofunika makamaka pa laputopu yogulidwa kunja, kaya ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku London, chifukwa si waranti iliyonse imene imagwira ntchito kunja kwa dziko kumene katundu adagulidwa. Tsiku loyambira waranti lingathenso kuulula makina ogwiritsidwapo kale ntchito amene agulitsidwa ngati atsopano. Umboni wina umapezeka polemba mawu akuti powercfg /batteryreport mu Command Prompt: lipoti lake limaonetsa mphamvu imene batire lidapangidwa nayo ndi imene latsala nayo. Pa makina atsopano manambala awiriwo amayandikana.

Pa zonsezi, chida chothandiza koposa ndi kope ndi cholembera. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi, vuto likatha sadziwa chimene chalithetsa, ndipo likakula sadziwa chobwezera. Wosintha chimodzi, nachilemba, nayesa, asanapite ku china, amachedwa pang'ono, koma pakutha pa sabata amakhala akudziwa ngati makina ake ali bwino kapena ayenera kubwerera kusitolo risiti likadagwira ntchito. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.